Wotchi ya mamita 200 pamkono wa munthu wosatha kusambira

Amayi anga atamva mtengo wake sanakalipe. Anangoyang'ana pamkono panga, n'kuyang'ana foni imene inali m'dzanja linali, kenako anafunsa motsitsa mawu, ndi ulemu woopsa uja amakhala nawo makolo akakhumudwa: "Kodi foni yakoyo inasiya kuonetsa nthawi?"

Ndinasowa chonena. Iwo anapitiriza kusankha mpunga wawo m'lichero, n'kungowonjezera kuti ndalama imeneyo ikanagula thumba la feteleza, chenje n'kutsala. Masamu sanalakwitse. Patha chaka ndi miyezi ingapo chichitikireni zimenezi, wotchiyo ndimaivalabe tsiku lililonse, ndipo funso lawolo ndakhala ndikuliyankha pang'onopang'ono mumtima.

Wotchi yake ndi ija olankhula Chingerezi amaitcha automatic diver. Ndi yachitsulo, yolemererapo, nkhope yake ndi yakuda, ndipo ili ndi mkombero wa manambala umene ukamazungulira umalira kuti tiki-tiki-tiki. Pansi pa mivi analembapo 200m, kutanthauza kuti anaipangira anthu olowa pansi pa nyanja. Batire ilibe. Tsono mwiniwakene ndimakhala ku Chilomoni, ntchito yanga ndi yolemba nkhani ndi mauthenga a malonda pa intaneti, kusambira sinditha, ndipo madzi akuya kwambiri amene dzanja langa limafikamo pa sabata ndi a m'beseni lochapira.

Chitini cha agogo

Zonsezi zinayambira m'chitini cha mabisiketi. Nyumba iliyonse ili nacho chitini chimenechi: mabisiketi anatha inu musanabadwe, panopa muli makadi a ku sikelo, malisiti a sukulu fizi, mabatani ndi makiyi a maloko amene anasowa kalekale. Ndinali kumudzi ku Ntcheu pa Khirisimasi, ndikufufuza satifiketi yanga ya Fomu 4, ndipo pansi pa mapepala ndinapeza wotchi ya malemu agogo anga aamuna.

Agogowa anali mmodzi mwa Amalawi ambirimbiri amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku Joni m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Wenela ndi Theba. Amayi amati pobwera anatenga njinga, wailesi, mabulangete awiri ndi wotchiyo, ya mtundu wa Seiko 5. Njinga inatha, wailesi inatha. Agogo anamwalira ine ndili Sitandade 6, ndipo kuchokera pamenepo palibe anaikhudzanso wotchi yawo. Ndinainyamula, n'kuitembenuza kuti ndione kumbuyo, ndipo poitembenuzanso ndinangoona muvi wa masekondi ukuyenda.

Ndinatsala pang'ono kuiponya. Ndakulira m'nkhani za mizukwa ngati wina aliyense, ndiye chinthu cha munthu woti anamwalira chikayamba kuyenda chokha m'manja mwako, digiri siithandiza kanthu. Inayenda mwina mphindi ziwiri n'kuima. Nditaigwedeza inayambanso. Usiku umenewo ndinamaliza bandulo yonse ndikuwerenga kuti zimenezi zimatheka bwanji.

Zimatheka chonchi. Mkati mwa wotchi yotere muli sipuling'i yopyapyala, yaitali, yokulungidwa ngati nkhata. Ikamangika imafuna kumasuka, ndipo pomasukapo imakankha timagiya timene timayendetsa mivi. Kuti isamasuke nthawi imodzi, pali kagudumu kakang'ono kamene kamapita uku n'kubwerera uku, n'kumaimasula pang'onopang'ono. Mawotchi akale kwambiri sipuling'iyo munkaimanga nokha m'mawa uliwonse popotokola kabatani ka m'mbali. Ya automatic anaiwonjezera chitsulo cholemera, chooneka ngati theka la mbale, chimene chimalendewera kumbuyo. Mukasuntha mkono, kaya mukukwera minibasi, kaya mukupesa tsitsi, kaya mukuvundula nsima, chitsulocho chimazungulira n'kumamanga sipuling'i ija. Mwachidule, batire lake ndinu.

Nzeruyi si ya dzulo. Mngelezi wina wokonza mawotchi, John Harwood, analembetsa luso la wotchi ya pamkono yodzimanga yokha mu 1923, ndipo mu 1931 kampani ya Rolex inatulutsa chitsulo chozungulira mkombero wonse, chonga chimene chili m'mawotchi a lero. Seiko 5 ngati ya agogo inayamba kutuluka mu 1963 ku Japan, ndipo inatchuka chifukwa inali yolimba komanso munthu wamba ankaikwanitsa. N'chifukwa chake inafika mpaka m'masutikesi a anthu obwera ku migodi.

Ndinafuna yanga. Ya agogo sindikanaivala tsiku ndi tsiku, yakalamba, galasi linakandika ndipo dontho limodzi la mvula likanaimaliza. Ndinkafuna yoti ndisamaidere nkhawa mvula ya Januwale ikandipezera pa siteji, kapena fumbi la Okutobala likamawuluka. Apa m'pamene ndinagwera m'gulu la ma diver.

Mawotchi amenewa anabwera anthu atayamba kulowa pansi pa nyanja atabereka matanki a mpweya. Mu 1953 kampani ya Blancpain ya ku Switzerland inapanga Fifty Fathoms mogwirizana ndi asilikali a pamadzi a dziko la France, ndipo chaka chomwecho Rolex inapanga Submariner, ija Sean Connery anavala mu filimu ya James Bond ya 1962. Zimenezo ndi za anthu olemera, mitengo yake lero ndi yogulira galimoto. Seiko inatulutsa diver yake yoyamba mu 1965, ndipo mu 1996 inabweretsa SKX007, imene kwa zaka zoposa 20 inali diver ya anthu a matumba ochepa padziko lonse mpaka anasiya kuipanga cha m'ma 2019. Lero makampani ang'onoang'ono ambiri, makamaka a ku China, amapanga chitsulo chakunjachi n'kuikamo injini yogula ku Japan. Yodziwika kwambiri ndi NH35, yochokera ku banja la Seiko lomwelo.

Yanga ili m'gulu limeneli. Dzina la kampani yake sinditchula, sanandilipire. Ndinapereka madola 80 ndi kenakake, ndipo ndi mmene kwacha inagwera mu Novembala 2023, ndalama imeneyo inadya gawo lalikulu ndithu la malipiro anga a mwezi. Msuweni wanga wa ku Johannesburg ndiye anaitanitsa, n'kupatsira mayi wina wageni wobwera pa basi. Masabata atatu amene ndinadikirawo ndinkangoganiza kuti ndadyetsa ndalama.

Ndipo ndinatsala pang'ono kudyetsadi ndisanafike kwa msuweniyo. Mnyamata wina anatsatsa pa intaneti wotchi yokongola, akuti automatic, pa mtengo wosafika ndi theka lomwe. Tinakumana m'tauni. Nditaiyang'ana, muvi wa masekondi unkadumpha kamodzi pa sekondi, kuti tapu, tapu, tapu. Imeneyo ndi ya batire, abale. Muvi wa automatic umayenda ngati ukutsetsereka, chifukwa umasuntha kangapo pa sekondi imodzi. Mukaiika pakhutu n'kuigwedeza mumamva chitsulo chija chikuzungulira, ndipo zambiri zili ndi galasi kumbuyo loti muone nokha. Mnyamatayo anaumirira kuti "sisi, iyi ndi yamakono, automatic yake ndi yosamveka". Ndinamuthokoza n'kunyamuka.

Imanama, ndipo musalole wina akuuzeni zina

Nali bodza loyamba limene tiyenera kulichotsa: wotchi imeneyi siilondola kuposa ija ya pamsika. Ya batire ili ndi kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo chiyambire pa 25 Disembala 1969 pamene Seiko inagulitsa yoyamba, mawotchi a sipuling'i sanaipezenso pa nkhani ya kulondola. Casio F-91W, kapulasitiki kakuda kaja tinkakasirira ku pulayimale, eni ake amati kamaphonya masekondi osapitirira 30 pa mwezi. Injini ya NH35 imagunda ka 21,600 pa ola, kutanthauza kasanu ndi kamodzi pa sekondi, ndipo opanga ake amanena poyera kuti ikhoza kutsalira ndi masekondi 20 kapena kutsogola ndi masekondi 40 pa tsiku. Pa tsiku, osati pa mwezi. Ikakhala kumapeto kwenikweni kwa malire amenewa, pa sabata yatsogola pafupifupi mphindi zisanu, ndipo sinawonongeke, ndi mmene ilili.

Yanga imatsogola masekondi 12 kapena 13 pa tsiku. Lamlungu madzulo ndimamasula kabatani, n'kukakokera kunja kuti muvi wa masekondi uime, n'kuitchera mofanana ndi foni. Eya, foni yomwe ija amayi ankanena. Ndimaseka ndekha ndikamachita zimenezi.

Chachiwiri, ukaivula imaima. Sipuling'i ikamangika yonse imayenda maola pafupifupi 41. Mwezi wa Marichi ndinadwala malungo, ndinaivula Lachisanu n'kuisiya pa tebulo. Lolemba m'mawa ndinaitola mothamanga, ndipo poitolapo inayamba kuyenda ngati ija ya agogo. Inkaonetsa 6:50. Ndinamwa tiyi mosathamanga, ndinasita bulauzi kawiri, n'kufika pa siteji ndikudabwa kuti ana a sukulu ali kuti lero. Nthawi yeniyeni inali itadutsa ndi mphindi 45. Tsiku limenelo tinali ndi nkhumano ndi kasitomala wamkulu, ndipo ndinalowa iwo atamaliza kale kudandaula. Abwana sanandifunse chifukwa. Bola, poti sindikudziwa kuti ndikanafotokoza bwanji kuti wotchi yodula ija inkauza nthawi ya Lamlungu.

Pali tina ting'onoting'ono. Kawindo ka deti kamawerenga mpaka 31 mwezi uliwonse, ndiye kasanu pa chaka, kumapeto kwa Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala, umayenera kukakankha wekha. Ndipo deti usamalisinthe usiku, kuyambira cha m'ma 9 koloko mpaka mbandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timagiya ta deti timakhala titalumana kale, ukhoza kuthyola dzino. Komanso musanamizidwe ndi mawu oti 24 jewels amene amalemba kumbuyo. Ndi timiyala topanga ku fakitale, toikidwa pamene zitsulo zimakhudzana kuti zisamadyane. Simungagulire ndi kabichi yomwe.

Vuto lalikulu ndinalipanga ndekha. Sabata ina wotchi inayamba kutsogola mphindi zinayi pa tsiku. Ndinapita nayo ku Limbe, kwa madala ena okonza mawotchi pakhonde la sitolo, aja amakhala ndi kabokosi kagalasi ndi kagalasi kena kotsinira m'diso. Anaiika pakhutu, n'kundifunsa kuti usiku ndimaigoneka pati. Ndinati pamwamba pa sipika yanga ya Bluetooth. Anapukusa mutu. Sipika ili ndi maginito, ndipo maginito akalowa m'kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kamene kali pa kagudumu kaja, timizere take timamatana, kagudumu n'kuyamba kuthamanga. Anatulutsa kachipangizo kakang'ono ka magetsi, anaiyendetsa pamwamba pake kangapo, basi yachira. Sanaitsegule n'komwe.

"Mwana wanga," anatero pondibwezera, "iyi usamapatse aliyense kuti aitsegule kumbuyo. Muli kamphira kotchinga madzi. Munthu akakapinda potseka, mamita 200 akowo atha pomwepo, ndipo ine makina oyezera madzi ndilibe."

Ndinawafunsa kuti nanga ikadzatopa, bambo, tidzatani? Anati mafuta a mkati amauma pakapita zaka, ndipo kwa injini yotchipa ngati imeneyi nthawi zambiri kugula ina yatsopano n'kuikamo kumatchipa kusiyana ndi kuimasula yonse n'kuitsuka. Ndiye amene akuganiza kuti wotchi yopanda batire ndi yopanda ndalama zina, ayi. Ndalamayo imangochedwa kubwera. Ndipo amene akuganiza kuti adzaigulitsa mopindula, aiwale. Diver ya madola 80 si ng'ombe, siibereka.

Mkombero

Ngati ndi choncho, n'chifukwa chiyani ndimaivalabe? Yankho lalikulu lili pa mkombero uja, umene pa Chingerezi amati bezel.

Munthu akamalowa pansi pa madzi, mpweya wa m'tanki uli ndi malire, komanso thupi lili ndi malire a nthawi imene lingakhale pa kuya kwinakwake. Ndiye asanalowe amazungulitsa mkombero mpaka kachizindikiro ka pamwamba kayang'anizane ndi muvi wa mphindi. Kuyambira pamenepo, muviwo ukamayenda umaloza pa mkombero mphindi zimene zadutsa: 10, 20, 35. Palibe masamu, palibe batani. Chimene chinandisangalatsa n'choti mkomberowu umazungulira mbali imodzi yokha, mobwerera m'mbuyo. Ukagunda mwala n'kusuntha, umaonetsa kuti wakhalitsa m'madzi kuposa mmene zilili, ndiye munthu amatuluka msanga. Sungamunamize kuti nthawi ikadalipo pamene yatha. Masiku ano olowa pansi pa madzi amavala tikompyuta ta pamkono timene timawerengera zonsezi, koma mkomberowo unatsala.

Ine ndimaugwiritsa ntchito mwina kasanu pa tsiku, ndipo pa zinthu zoti wopanga wake atamva akhoza kulira. Mpunga pa mbaula. Mazira. Bandulo ya ola limodzi, imene kale inkandithera ndili pakati potumiza ntchito. Mankhwala a tsitsi amene amati asapitirire mphindi zakutizakuti. Kondakitala akanena kuti "tikunyamuka pompano, sisi, atsala awiri", ndimazungulitsa mkombero, ndipo "pompano" wautali kwambiri amene ndinamuyeza anali wa mphindi 38. Ulaliki ndinauyezapo kamodzi, koma amayi a pambali panga anamva kulira kwa tiki-tiki n'kundiyang'ana, sindinabwerezenso.

Koma pamene wandithandiza zenizeni ndi pa ntchito. Ife olemba pa intaneti mdani wathu ndi chida chomwe timagwirira ntchitocho. Ndinkatenga foni kuti ndione nthawi, n'kupeza mauthenga 14 pa gulu la banja, wina wayika chithunzi cha chinkhoswe, wina akutsutsana za mpira, kenako TikTok. Poibweza pa tebulo mphindi 20 zapita, ndipo nthawi imene ndimafuna kuona ija sindinaione. Panopa foni ndimaiika m'chikwama, ndimatchera mkombero, n'kulemba mpaka muvi ufike pa 40. Kenako ndimapuma. Wotchi ukaiyang'ana imakuuza chinthu chimodzi n'kukusiya. Ilibe choti ikugulitse.

Amayi akanakhala pano ndikanawauza kuti foni sinasiye kuonetsa nthawi, koma imandilipiritsa nthawi yomweyo ndikaifunsa. Iwo akanayankha kuti wotchi ya batire ya pamsika ikanachita chimodzimodzi, ndipo akananena zoona. Pali ngakhale diver ya batire yotchuka, Casio MDV-106, ya mamita 200 komanso mkombero womwewu, yotchipa ndiponso yolondola kuposa yanga. Munthu wongofuna chida chogwira ntchito, ndingamuuze kuti agule imeneyo. Gawo lotsalalo, loti ndikhale ndi kanthu koyenda ndi mphamvu ya mkono wanga ngati ka agogo, ndi chilakolako chabe, ndipo sindichibisa.

Magetsi akazima imandithandizanso. Mivi ndi timadontho ta maola anazipaka utoto umene umamwa kuwala masana n'kumawala wobiriwira mumdima. Umayamba mowala kwambiri n'kumazilala, koma maso akazolowera mdima, 4 koloko m'mawa ndimawerengabe. Foni ikakhala pa 6 peresenti ndipo sukudziwa kuti magetsi ayaka liti, suyiyatsa chifukwa chongofuna kudziwa ngati kwacha. Ndipo pakati pa chigulu cha anthu mu Limbe, kuyang'ana pamkono n'kwabwino kusiyana ndi kutulutsa foni.

Za anthu ndiye zosasowa. Mkono wanga ndi waung'ono, wotchiyi ndi ya mamilimita 40, ndiye funso limene ndalimva kwambiri n'loti, "Ndi ya achibwenzi?" Mnzanga wina wa ku ofesi anandiuza kuti ikuoneka ngati ndavala loko wa pa geti. Masabata oyamba kulemera kwake kunkanditopetsadi, makamaka lamba wachitsulo nthawi yotentha. Ndinamuchotsa n'kuika lamba wa nayiloni, wochapika ndi sopo, ndipo kuyambira pamenepo ndimaiwala kuti ndavala.

Tsiku limene inaona nyanja

Manambala a madzi amene amalemba pa mawotchi amasokoneza anthu ambiri. Si kuya kumene munthu angakafike nayo mosangalala, koma mphamvu ya madzi imene anaiyezera ili phee mu makina. Mamita 10 aliwonse pansi pa madzi amawonjezera kupanikiza kofanana ndi kwa mpweya wonse umene uli pamwamba pathu. Yolembedwa 30m ndi yongopirira madontho a mvula ndi kusamba m'manja, osalowa nayo m'dziwe. Ya 100m mukhoza kusambira nayo. Palinso muyeso wa padziko lonse wotchedwa ISO 6425, umene umafuna kuti wotchi ya olowa pansi pa madzi ipirire mamita osachepera 100, iyezedwe pa mphamvu yoposa yolembedwayo ndi 25 peresenti, ndiponso iwerengeke mumdima. Yokwaniritsa zimenezi amailemba mawu oti DIVER'S. Zotchipa zambiri, kuphatikizapo yanga, zimangolemba 200m popanda mawu amenewa. Ndiye kuti ukungokhulupirira mawu a wopanga.

Pa Isitala tinasonkherana ndi anzanga n'kupita ku Cape Maclear. Ambiri aife timayandikana ndi nyanja imeneyi osadziwa kuti pena ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndiponso kuti malo osungirako zachilengedwe a kumeneku UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zake. Anthu amachoka kutali kudzalowa pansi pa madzi kuno ndi ku Nkhata Bay kuti adzaone mbuna. Wongoyamba kumene maphunziro amenewa amaloledwa kufika mamita 18, ndipo ochita zongosangalala sapitirira mamita 40. Ndiye 200 yanga ija ndi yoposa kasanu malire a anthu odziwa.

Tinakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi. Anandiveka jekete loyandamitsa, galasi la kumaso ndi kapaipi kopumira. Ndili pafupi kutsika, mtima uli m'mwamba, mnyamata woyendetsa boti anandigwira pamkono.

"Achemwali, tatsekani kaye apa."

Kabatani ka m'mbali kanali kotuluka. Pa diver kabatanika kali ndi mazinga ngati chitsekero cha botolo, umayenera kukakankha n'kukamanga mpaka kalimbe, chifukwa m'pamene madzi amalowera msanga. M'mawa umenewo ndinali nditakonza nthawi n'kuiwala kukamanga. Mwina timphira ta mkati tikanatchinga, mwina ayi. Mnyamatayo anati waonapo alendo ambiri akutuluka m'madzi wotchi ili ndi nthunzi mkati mwa galasi, ndipo ikatero dzimbiri silichedwa. Ndinamanga manja akunjenjemera. Malipiro anga aja anatsala pang'ono kuthera m'nyanja pa mita yoyamba.

Kenako ndinagona chafufumimba pamadzi nditagwira chingwe cha boti, n'kuika nkhope pansi. Mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zinkabwera mpaka pa zala, zikulimbirana nyenyeswa za buledi amene woyendetsa boti ankamwaza. Ndinatambasula mkono pansi momwe ndikanathera. Ndikayerekeza, wotchi yanga inafika masentimita 60. Muvi wa masekondi unkangoyenda bwinobwino pakati pa nsombazo, ndipo mkombero unandiuza kuti ndinapirira mphindi 11 ndisanamwe madzi kudzera m'kapaipi n'kukuwa kuti andikoke.

Mwezi watha ndinapitanso ku Ntcheu. Amayi ankaphika chigumu, makala pansi, makala pa chivundikiro. Ali pakati posonkhezera anandiitana osandiyang'ana: "Iwe, tazungulitsa kachinthu kako kaja, undiuze zikakwana mphindi 30." Za feteleza sanatchule. Pa tsiku lonyamuka anatsegula chitini cha mabisiketi, anakulunga wotchi ya agogo m'kansalu, n'kundiuza kuti ndikawaonetse madala a ku Limbe aja.

Madalawo anaitsegula, anaiyang'ana nthawi yaitali ndi kagalasi ka m'diso, n'kunena kuti mafuta anauma koma zitsulo zonse zili bwino. Iyi sakufuna kuisintha injini, akuti aimasula yonse aitsuke, ndipo mtengo umene ananena ndaugawa pawiri, theka mwezi uno, theka mwezi wamawa. Amayi anaimba dzulo kufunsa ngati yatheka. Ndinawauza kuti ikuyenda, koma madala akusakabe galasi lokwanapo, akuti ndikayang'anenso Lachisanu.